Mpingo wa M'nyumba ndi Mphakati: Kodi Eklezia Amakhala Kuti Mkati mwa Sabata?

Pamene Msonkhano Waukulu Wachiwiri wa ku Vatican unatulutsa chikalata chofotokoza za Eklezia, chotchedwa Lumen Gentium, m'chaka cha 1964, unadzutsanso ganizo lakale lakuti banja lachikhristu ndi mpingo wa m'nyumba, kutanthauza kuti makolo ndiwo alaliki oyamba a ana awo, ndipo zimene zimachitika pakhomo, monga kupemphera, kukhululukirana ndi kulandira alendo, ndi ntchito zenizeni za Eklezia osati zongokonzekera tsiku Lamulungu ayi. Ganizoli silinali latsopano, popeza Paulo Woyera, m'kalata yake kwa Aroma, amapereka moni kwa mpingo umene unkasonkhana m'nyumba ya Prisila ndi Akwila, ndipo Yohane Krisostomo, amene anamwalira m'chaka cha 407, ankalimbikitsa akhristu ake kuti asandutse nyumba zawo kukhala matchalitchi. Papa Yohane Paulo Wachiwiri analikulitsa ganizoli m'kalata yake ya Familiaris Consortio ya mu 1981. Funso limene chiphunzitsochi chimadzutsa m'Malawi ndi lakuti, kodi banja limene likutchedwa mpingoli ndi liti, ndipo ndani amaligwira dzanja pa masabata ambiri amene wansembe safika ku nthambi ya parishi?

Mayankho a m'mabuku nthawi zambiri amaganizira za bambo, mayi ndi ana awo okhala pa okha, koma m'madera ambiri a Achewa, Amang'anja, Alomwe ndi Ayao, kumene mwambo wa chikamwini unazika mizu, mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo mwini mbumba, ndiye kuti mlongo wake wa mayi amene ana amamutcha malume kapena atsibweni, amakhala ndi mawu pa za ana kuposa bambo wowabereka. Palinso makomo ambirimbiri amene akuyendetsedwa ndi agogo olera adzukulu amasiye, kapena ndi amayi amene amuna awo anapita kukagwira ntchito ku Johannesburg. Munthu akaumirira kuti mpingo wa m'nyumba ndi banja la bambo, mayi ndi ana basi, ndiye kuti watulutsa kunja makomo ochuluka amene korona, lomwe ndi pemphero losinkhasinkha za moyo wa Yesu pamodzi ndi Maria, amapempheramo madzulo aliwonse. Chimene chimachititsa khomo kukhala mpingo, malinga ndi chiphunzitso cha Eklezia chomwe, ndi ubatizo wa anthu okhalamo, chifukwa ubatizo ndiwo umapatsa mkhristu aliyense gawo pa unsembe wa Khristu, ndipo gogo wobatizidwa amene akuphunzitsa mdzukulu chizindikiro cha mtanda akugwira ntchito ya unsembe umenewo mokwanira.

Apa ndi pamene mphakati umalowera. Mphakati ndi kagulu ka mabanja oyandikana amene amasonkhana mkati mwa sabata, kawirikawiri pakhomo pa mmodzi wa iwo mosinthanasinthana, kuti awerenge Malembo Oyera, apemphere, ndi kukambirana za odwala, maliro ndi zosowa za m'mudzi. Maepiskopi a m'bungwe la AMECEA, limene limagwirizanitsa maepiskopi a mayiko a kum'mawa kwa Africa kuphatikizapo Malawi ndi Zambia, anakambirana za magulu otere ku Nairobi mu 1973, ndipo mu 1976 anagamula kuti kumanga miphakati kukhale ntchito yotsogola m'madayosizi awo onse. M'Malawi dzina limene silingasiyidwe pa nkhaniyi ndi la Episkopi Patrick Kalilombe, amene anakhala episkopi wa Lilongwe mu 1972 nachititsa sinodi yaing'ono, ndiye kuti msonkhano wa ansembe ndi akhristu eni ake wounika moyo wa dayosizi, kuyambira 1973 mpaka 1975. Cholinga chake chinali chakuti Mpingo ukhale wodzitumikira, wodzifalitsa ndi wodzidalira, m'malo modikira chilichonse kuchokera kwa amishoni. Boma la chipani chimodzi la nthawi imeneyo linkayang'ana ndi diso lokayika gulu lililonse losonkhana m'midzi popanda chilolezo cha chipani, moti episkopiyo anakakamizika kuchoka m'dziko, ndipo anatula pansi udindo wake mu 1979. Mantha a bomawo, ngakhale anali olakwa, akuonetsa kuti andale anazindikira msanga chinthu chimene akhristu ena sachizindikira mpaka lero, chakuti anthu wamba akazolowera kuwerenga Mawu a Mulungu pamodzi ndi kufunsana tanthauzo lake pa moyo wawo, amayamba kuyankhula ndi mawu awoawo.

Kusinkhasinkha kwa mu mphakati kuli ndi njira yake. Miphakati yambiri imatsata ndondomeko ya masitepe asanu ndi awiri imene inakonzedwa ku Lumko, ku South Africa, yomwe imayamba ndi kuitana Ambuye, kenaka kuwerenga ndime, kubwereza mawu amene akhudza mtima, kukhala chete, kugawana zimene munthu wamva, kukambirana ntchito yoti gulu lichite, ndi kutseka ndi mapemphero. Nzeru ya ndondomekoyi ili pa kuletsa ulaliki, popeza palibe amene amaloledwa kusandutsa msonkhano kukhala kalasi, ndipo mayi wosadziwa kuwerenga ali ndi mpata wofanana ndi mphunzitsi wopuma pa ntchito. Sitepe ya kukhala chete ndiyo imadumphidwa kawirikawiri, mwina chifukwa dzuwa limakhala likulowa ndipo ndiwo sizinaphikidwe, koma ikadumphidwa, kugawanako kumasanduka kubwereza ulaliki wa Lamulungu lapita.

Vuto lalikulu, komabe, si la ndondomeko. M'maparishi ambiri mphakati wasanduka khomo limene mkhristu ayenera kudutsapo kuti mwana wake abatizidwe, kuti ukwati wake ulengezedwe, kapena kuti maliro a m'bale wake ayimbidwe mwachikhristu, ndipo atsogoleri ake ndiwo amasonkhetsa mtulo, womwe ndi chopereka cha pachaka cha mkhristu aliyense, pamodzi ndi masika ndi zopereka za chitukuko. Zimenezi zili ndi chifukwa chomveka, pakuti bambo mfumu wa parishi ya nthambi zambiri sangadziwe nkhosa iliyonse, ndipo Mpingo wodzidalira sungayende popanda ndalama. Koma kaundula wa zopereka akayamba kutenga nthawi yochuluka kuposa Buku Loyera, ndipo anamfedwa akafunsidwa za mtulo wa malemu thupi lili m'nyumba, mphakati umakhala wasiya chimene unakhazikitsidwira. Malamulo a Eklezia a mu 1983 salola zimenezi, chifukwa lamulo la nambala 848 limanena kuti osauka asamanidwe masakramenti chifukwa cha umphawi wawo, ndipo lamulo la nambala 1184, limene limatchula anthu amene angakanizidwe mwambo wa maliro, silitchula konse munthu amene anali ndi ngongole ya mtulo.

Nkhani yovuta koposa ndi ya mabanja amene sanadalitse ukwati wawo. Eklezia amaphunzitsa kuti ukwati wa anthu awiri obatizidwa ndi sakramenti, ndiye kuti chizindikiro chooneka chopereka chaulere cha Mulungu, ndi kuti amene amapatsana sakramentilo ndi mwamuna ndi mkazi eni ake, pamene wansembe amakhala mboni ya Mpingo. Kuyambira pa Msonkhano wa ku Trent, umene unakhazikitsa lamuloli mu 1563, Mkatolika ayenera kumanga ukwati pamaso pa wansembe ndi mboni ziwiri kuti ukwatiwo uvomerezeke. Mwambo wa makolo, komano, umaona kuti ukwati wamangika pamene ankhoswe a mbali zonse ziwiri agwirizana pa chinkhoswe, kapena pamene malowolo aperekedwa m'madera amene amalowola, ndipo chifukwa chakuti anthu anazolowera kuti ukwati wa m'tchalitchi uyenera kutsagana ndi madyerero odula, mabanja ambiri amakhala zaka zochuluka akudikira ndalama, osalandira Ukaristia. Madyererowo Mpingo suwalamula, ndipo maparishi amene amadalitsa maukwati ambiri pa Misa imodzi amachita bwino pochotsa chopinga chimenechi.

Pamene mabanja otere akudikira, kodi khomo lawo ndi mpingo wa m'nyumba kapena ayi? Familiaris Consortio inanenetsa kuti ngakhale anthu amene anasudzulana n'kukwatiranso asadzione ngati opatulidwa mu Eklezia, ndipo Papa Francis, m'kalata ya Amoris Laetitia ya mu 2016, anapempha abusa kuti aziyenda nawo anthu otere, kuunika nkhani ya aliyense payekha, ndi kuwalowetsa m'moyo wa Mpingo mmene kungathekere. Pa Misa kusiyana kumaonekera poyera, chifukwa ena amadzuka kukalandira pamene ena amatsala pa benchi, koma pa mphasa ya mphakati onse amamva Mawu amodzi, onse amatunga madzi pa maliro, ndipo onse amakazonda wodwala. Sinodi ya maepiskopi a mu Africa ya mu 1994, imene zotsatira zake Papa Yohane Paulo Wachiwiri anazilengeza ku Yaoundé mu 1995, inasankha kufotokoza Eklezia ngati banja la Mulungu, ndipo aliyense wodziwa banja la kuno amadziwa kuti mwana amene ali ndi mlandu pakhomo amadzudzulidwa koma sachotsedwa m'mbumba.

Pali ngozi ina imene fanizo la banjali limabwera nayo, ndipo maepiskopi a pa sinodiyo anaiona pochenjeza za tsankho la mitundu. Banja limatha kubisa nkhanza poopa manyazi, limatha kutseka pakamwa ana ndi akamwini, ndipo mphakati umene watengera makhalidwe amenewa umauza mayi womenyedwa kuti apirire chifukwa banja ndi kupirira. Malamulo a Eklezia omwewo, pa nambala 1153, amalola munthu kupatukana ndi mnzake wa m'banja ngati moyo wake kapena wa ana uli pa chiopsezo chachikulu, ngakhale chimango cha ukwati chikhalebe, ndipo alangizi a mabanja m'miphakati ayenera kulidziwa lamuloli monga mmene amadziwira tsiku lotsekera mtulo.