Malangizo a Yetero ndi khonsolo yathu



M'buku la Eksodo mutu 18 timamva za Mose atakhala pansi kuyambira m'mawa mpaka madzulo akuweruza milandu, anthu ali chiimire kudikira. Mpongozi wake Yetero ataona zimenezi anamuchenjeza kuti adzalefuka, iye pamodzi ndi anthuwo. Anamulangiza kuti asankhe anthu anzeru, oopa Mulungu, okhulupirika ndi odana ndi ziphuphu, kuti aziyang'anira magulu a anthu 1,000, 100, 50 ndi 10. Nkhani zing'onozing'ono zizithera pafupi ndi eni ake, zikuluzikulu zokha ndizo zizifika kwa Mose.

Eklezia amaphunzitsa zomwezi. M'chaka cha 1931 Papa Pius XI, m'kalata yake yotchedwa Quadragesimo Anno, anaphunzitsa kuti nkulakwa kulanda magulu aang'ono ntchito imene angathe kuigwira okha n'kuipereka kwa akuluakulu a kutali. Dziko lathu linatsata njira yomweyi mu 1998 pokhazikitsa lamulo la maboma aang'ono, ndipo mawu oti "mphamvu ku anthu" anamveka paliponse. Tinasankha makhansala mu 2000, koma nthawi yawo itatha mu 2005 tinakhala opanda makhansala mpaka 2014. Lero tili nawo. Nanga pa zosowa zathu zambirimbiri, khonsolo iyambire pati?

Choyamba ndi madzi abwino. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Mjigo ukawonongeka n'kukhala miyezi osakonzedwa, amayi amabwerera kukatunga kudambo, ndipo ana ndiwo amayamba kudwala. Ambuye Yesu, pa Mateyo 25, amaika kumwetsa waludzu m'gulu la zinthu zimene tidzaweruzidwe nazo. Mijigo yogwira ntchito, zimbudzi za pamsika ndi mankhwala kuchipatala chaching'ono zibwere patsogolo pa misonkhano ya kunyanja ndi maalawansi.

Chachiwiri ndi kumaliza zimene zinayambidwa. Pa Luka 14 Ambuye akunena za munthu woyala maziko a nsanja asanawerengere ndalama, n'kusanduka choseketsa. Tonse tikuidziwa midadada ya sukulu imene inaima pamawindo, ana akuphunzirira pansi pa mtengo, ndi milatho imene imakokoloka ndi mvula yoyamba. Mtsogoleri watsopano asasiye ntchito chifukwa anaiyamba ndi wa chipani china. Njerwa zija anaumba ndi anthu a m'mudzi, ndalama zija ndi misonkho yathu.

Chachitatu ndi kuika poyera kayendetsedwe ka ndalama. Mayi wogulitsa tomato amalipira chiphaso cha msika tsiku ndi tsiku, choncho ali ndi ufulu wodziwa kumene ndalamayo ikupita. Chimodzimodzinso thumba la chitukuko la CDF. Kuyambira mu 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga kumaofesi a boma likugwira ntchito. Kufunsa mtengo wa mlatho ndi dzina la kontilakitala si mwano ayi. Mtsogoleri wodana ndi ziphuphu, wa mtundu umene ankanena Yetero, sachita mantha ndi funso lotere.

Koma abale anga, tisangoloza chala makhansala. Ifenso timawasokoneza. Timathamangira kwa khansala kukapempha bokosi la maliro, fizi ya mwana ndi ya thiransipoti, koma tsiku la msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija timaitcha VDC, mipando imakhala yopanda anthu. Chonsecho zosowa zathu zimayenera kuyambira ku VDC, kupita ku ADC ya kwa mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo. Ife tikakhala chete, ena amatisankhira chitukuko, ndipo khansala amene tamusandutsa thumba la aliyense amayesedwa kutapa pomwe sayenera kutapa. Mutu umodzi susenza denga.

Tsono sabata ino ndikupempha mphakati uliwonse kuti mukatha kugawana Mawu a Mulungu mukambirane funso limodzi: kodi wovutika kwambiri m'dera lathu akusowa chiyani? Gwirizanani chinthu chimodzi, muchilembe, musankhe anthu awiri, mayi ndi bambo, okachipereka kumsonkhano wa VDC. A komiti ya Chilungamo ndi Mtendere akuthandizeni kutsata yankho lake. Ndipo Akhristu amene muli m'makomiti a chitukuko, amene muli makhansala kapena ogwira ntchito kukhonsolo, kumbukirani kuti dzanja lolandira Ukaristia Lamulungu ndi lomwelo losainira ndalama Lolemba.

Mulungu Atate, patsani atsogoleri athu mtima woopa Inu ndi wodana ndi ziphuphu, ndipo ife mutichotsere mphwayi, kuti wamng'ono pakati pathu amwe madzi abwino. Tikupempha kudzera mwa Khristu Ambuye athu. Amen.