Mutu Umodzi Susenza Denga: Mkangano Wakale wa Ulamuliro

Mwambi wakuti "mutu umodzi susenza denga" unachokera pa kamangidwe ka nkhokwe. Denga lake amalimangira pansi, ndipo likatha mwini wake amamema anzake kuti adzalikweze. Anthu amalizungulira, ena n'kulowa kunsi kwake, wina akati "tiyeni!" onse amanyamula nthawi imodzi. Kuwonjezera pa kulemera, denga ndi lotambalala, moti ngakhale chiphona sichingaligwire mbali zonse. Akulu amanena mwambiwu kwa munthu wofuna kumaliza yekha ntchito kapena mlandu wofunika anthu ambiri, ndipo kawirikawiri umalunjika kwa atsogoleri.

Pali funso limene mwambiwu suyankha. Kodi onyamula aja ali ndi mawu pa za komwe denga likupita, kapena yawo ndi ntchito yongosenza? Anzeru a ku Greece, ku India ndi ku Ulaya ankadziwa onse kuti wolamulira sangathe yekha, koma pa funso ili ndi pomwe anasiyana.

Mzinda wa Athens unasankha kuti onyamula akhale eni ake a denga. Kuyambira pa kusintha kumene Cleisthenes anabweretsa cha m'ma 508 BC, amuna omwe anali nzika ankagamula okha za nkhondo ndi malamulo pa msonkhano, pomwe bungwe la anthu 500 osankhidwa mwa maere linkakonza zokambirana. Akazi, akapolo ndi alendo analibe mawu, chikhalirecho mtolo waukulu unali pa iwo. Ubwino ndi kuopsa kwa ulamuliro wotere zinaonekera limodzi mu 427 BC. Msonkhano unagamula kuti amuna onse a ku Mytilene, mzinda womwe unawagalukira, aphedwe, ndipo ngalawa inanyamuka ndi uthengawo. Kutacha mitima inabwerera, anthu anasonkhananso n'kusintha chigamulo, ndipo ngalawa yachiwiri inapalasa usiku ndi usana mpaka kukafika kupha kusanayambe. Mu 399 BC bwalo la nzika mazanamazana linaweruza Socrates kuti afe, ndipo apa panalibe ngalawa yachiwiri.

Plato, wophunzira wa Socrates, sanaukhulupirire unyinji. M'buku la Republic anaphunzitsa kuti kulamulira ndi luso, ndipo liyenera kukhala m'manja mwa anthu ochepa osulidwa m'nzeru kwa zaka zambiri. Aristotle, yemwe anaphunzira kwa Plato, anayandikira kwambiri ku mwambiwu. M'buku la Politics anati anthu wamba, ngakhale aliyense payekha sali katswiri, akaphatikiza maganizo angathe kuweruza bwino kuposa ochepa. Anaonjezera mfundo yovuta kuitsutsa, yakuti ubwino wa nyumba amaudziwa bwino wokhalamo kuposa woimanga. Komabe sanafune kuti unyinji uzingochita zofuna zake. Iye anayamikira boma losakaniza mphamvu za olemera ndi za osauka, lotsamira pa anthu apakati ndi lomangidwa ndi lamulo.

Ku India, buku la Arthashastra, lomwe mwambo umati analemba ndi Kautilya, nduna ya mfumu Chandragupta Maurya, limagwirizana ndi mwambiwu pa chiyambi penipeni: mfumu yopanda othandiza singalamulire. Limawerenga ziwalo 7 za dziko, zomwe ndi mfumu, nduna, dera ndi anthu ake, linga, chuma, asilikali ndi bwenzi lakunja. Limafika mpaka pa chiwerengero cha aphungu. Phungu mmodzi akhoza kuchita mwa yekha popanda womuletsa, awiri akhoza kupangana kapena kukangana, choncho atatu kapena anayi ndiwo abwino. Koma m'bukuli mwini denga ndi mmodzi. Mfumu imamva malangizo n'kugamula yokha, ndipo nduna zomwezo imaziyesa mobisa pozitumizira akazitape kuti azinyengerere ndi chuma kapena kuziopseza. Kuchuluka kwa mitu pano ndi chida cha mfumu, osati ufulu wa anthu.

M'dziko lomwelo munalinso njira ina. Anthu a Vajji, omwe likulu lawo linali Vaishali, ankalamulidwa ndi msonkhano wa akuluakulu a mafuko. Malemba a Chibuda amasimba kuti mfumu Ajatashatru ya ku Magadha itafuna kuwathira nkhondo, inatuma nduna yake Vassakara kwa Buddha, yemwe ananena kuti anthuwo sadzafooka malinga apitirize kusonkhana pafupipafupi ndi kuchita zinthu mogwirizana. Ndunayo inatolapo phunziro lina, lakuti njira yowagonjetsera ndi kuwagawa, ndipo mabuku ofotokozera malembawo amati zinatha choncho. Onyamula akayamba kukokerana, denga limagwa ngakhale mitu ilipo yokwanira.

Ku Ulaya, John wa ku Salisbury analemba Policraticus cha m'ma 1159, momwe anayerekeza dziko ndi thupi: mfumu ndiyo mutu, alimi ndiwo mapazi onyamula thupi lonse. Anachenjeza kuti mutu uyenera kusamala mapazi, koma sanawapatse mapaziwo mpando pa bwalo. Thomas Hobbes, yemwe anakhala m'nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ya ku England ndi kudulidwa mutu kwa mfumu Charles I mu 1649, anatulutsa Leviathan mu 1651. Chithunzi cha patsamba loyamba chikuonetsa chimphona chovala chisoti chaufumu, thupi lake lopangidwa ndi tianthu tambirimbiri, mutu wokha ndiwo wake. Hobbes ankavomereza kuti mphamvu zimachokera kwa anthu, koma anati akazipereka kwa wolamulira, kaya ndi munthu mmodzi kapena bungwe limodzi, zisagawidwenso, chifukwa kugawa mphamvu ndiko kumabala nkhondo. Tinganene kuti iye anaika mtima pa munthu uja wofuula "tiyeni!", amene mwambi sumutchula koma popanda iye denga silinyamuka.

Montesquieu wa ku France anayankha m'buku lake la 1748 lonena za mzimu wa malamulo. Nkhawa yake sinali yakuti mutu umodzi ulephera kusenza, koma yakuti ukhoza kukwanitsa n'kuyamba kupondereza ena. Choncho anafuna kuti kupanga malamulo, kuwayendetsa ndi kuweruza milandu zikhale m'manja osiyana, kuti mphamvu ina iziletsa inzake. Maganizo amenewa analowa m'malamulo oyendetsera dziko la America a 1787, kenako anafalikira m'maiko ambiri. Malamulo a dziko la Malawi a 1994 nawonso amagawa boma m'nthambi zitatu zomwezo: pulezidenti ndi nduna zake, Nyumba ya Malamulo, ndi makhoti.