Kutsazikana kwa a Giredi 12 m'Masukulu a ku Chadiza

Mwambo wotsazikana wa ophunzira a Giredi 12 m'masukulu a sekondale a m'boma la Chadiza, kum'mawa kwa Zambia, umachitika chaka chikamapita kumapeto, pafupi ndi mayeso otsiriza amene bungwe la Examinations Council of Zambia limalembetsa mu Okutobala ndi Novembala. Nthawi yoyenera mwambowu ndi mayeso asanayambe, chifukwa akangoyamba kalasi sikhalanso pamodzi. Wina amalemba pepala lake lomaliza Lachiwiri, mnzake amadikira mpaka sabata yotsatira, ndipo aliyense akamaliza amamanga katundu n'kuyamba ulendo. Palinso ubwino wina: pa nthawiyi zotsatira zisanatuluke, palibe wokhoza kapena wolephera. Onse amakhala ana a kalasi imodzi, ndipo limeneli ndi tsiku lotsiriza limene sukulu imawaona chomwecho.

Chadiza ndi boma la midzi, lochita malire ndi Mozambique, ndipo anthu ake ambiri ndi Achewa a m'madera a mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala. Mtunda wa pakati pa midzi ndi sukulu ndi umene umapatsa mwambowu kulemera kwake. Pa sukulu yogonera pompo, monga Chadiza Boarding Secondary School, mwana amagona m'chipinda chimodzi ndi anzake ochokera ku Vubwi, ku Katete ngakhale ku Chipata. Amadyera limodzi nsima ya nyemba ndi kabichi, amabwerekana sopo, amadzutsana m'bandakucha kuti awerenge. Akabalalika, ambiri sadzakumananso. Ana a sukulu yoyendera amadzaonanabe kumsika ndi kumaliro, koma a kogonera akati "tsalani bwino" amanenadi zoona.

Dongosolo la tsikulo silisiyana kwenikweni. Pamakhala pemphero, nyimbo za kwaya, sewero la a Giredi 11, mawu a mtsogoleri wa anyamata ndi wa atsikana, a wapampando wa komiti ya makolo ndi aphunzitsi, kenaka a mphunzitsi wamkulu ndi mlendo wolemekezeka. Ena amalandira mphatso, ndipo chakudya chimasintha: mpunga ndi nkhuku.

Kutsazika kwenikweni kumabwera pambuyo pake, mayeso atatha, popanda zokuzira mawu. Wophunzira amazungulira sukulu ndi chikalata chofunika kusainidwa: kwa woyang'anira mabuku kuti abweze buku la masamu long'ambika chikuto, kwa mphunzitsi wa sayansi, kwa woyang'anira malo ogona kuti aone bedi ndi matiresi. Pamenepo ndi pamene mtsikana amagwada pang'ono, n'kulandira chikalata ndi manja awiri, n'kunena kuti, "Zikomo aphunzitsi, mwatilera." Panja thiranki yachitsulo yolembedwa dzina ndi penti yamangidwa kale pa njinga yamoto, ndipo manambala a foni alembedwa kumapeto kwa kope. Mawu a pakhomo la ofesi amenewa amaposa zambiri zimene zinawerengedwa papepala m'holo, chifukwa palibe amene anawakonzeratu.

Vuto loyamba la mwambowu ndi ndalama. Kuyambira mu Januwale 2022 boma la Zambia linachotsa fizi m'masukulu ake mpaka Giredi 12, ngakhale ana ogonera pasukulu amalipirabe ya chakudya ndi malo ogona. Cholinga chinali choti umphawi usatsekere mwana khomo. N'zomvetsa chisoni ngati khomo lomwelo litsekedwa pa tsiku lotsiriza ndi chopereka cha phwando, suti, diresi latsopano, tsitsi la ku saluni ndi mkanjo wobwereka wotengera wa ku yunivesite. Mwezi wa Okutobala ndi wovuta kwa mlimi wa chimanga, mtedza, soya ndi mpendadzuwa: ndalama za zokolola zatha kapena zasungidwira mbewu ndi feteleza. Mwana wa banja lotere akalephera kusonkha amanamizira mutu n'kugona, kapena amangokhala kumudzi. Mwambo umene wasiya kunja ngakhale ana asanu okha chifukwa cha zovala wataya cholinga chake. Yunifolomu imene anavala zaka zonsezi ndi yokwanira, ndipo ndi chovala chokhacho chimene chimaika mwana wa mphunzitsi ndi mwana wa mlimi pamzere umodzi.

Pali enanso osowa pa mwambowu amene satchulidwa. Kalasi imene ikutsazika si yonse imene inayamba. Ena anatsalira pa mayeso a Giredi 9, anyamata ena anapita kukaweta ng'ombe kapena kukagwira ganyu, atsikana ena anatenga pathupi kapena anakwatiwa. Zambia ili ndi ndondomeko, kuyambira mu 1997, yolola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu, ndipo lamulo la maukwati linakonzedwa mu 2023 kuti ukwati uliwonse wa munthu wosakwana zaka 18, ngakhale wa pachikhalidwe, ukhale wosavomerezeka. Kalonga Gawa Undi, amene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amakamulambira ku Mkaika chaka chilichonse, wakhala akudzudzula maukwati a ana. Malamulo alipo, koma mtsikana wobwerera kusukulu mwana atamusiya kwa agogo amalimbana ndi manong'onong'o a anzake tsiku ndi tsiku. Akafika Giredi 12 wagwira ntchito yoposa ya amene wapata mphoto ya masamu. Sikofunika kumuimiritsa pagulu, pakuti ambiri sangakonde zimenezo. Chofunika n'chakuti mphunzitsi wamkulu anene poyera, makolo ndi a Giredi 11 akumva, kuti khomo ndi lotsegukabe kwa amene anasiyira panjira.

Aphunzitsi nawonso amatsazikidwa mosakwanira. Amene amathokozedwa ndi a kalasi ya mayeso, pomwe mayi amene anagwira mwana dzanja pomuphunzitsa kulemba dzina lake m'Giredi 1, pa sukulu ya pulayimale ya kumudzi, samvako n'komwe kuti mwana uja wafika kumapeto. M'mera mpoyamba. Sizingawonongetse ndalama kuitana mphunzitsi mmodzi kapena awiri a masukulu a pulayimale oyandikira, ndipo ana amene akuwaphunzitsa lero angamve kuchokera kwa iwo kuti njirayi imafikika.

Chofooka chachikulu chili m'zolankhula. Mlendo wolemekezeka amakonda kuuza kalasi yonse kuti mawa adzakhala madokotala, maloya ndi mainjiniya. Mawuwa ndi okoma, koma aphunzitsi okhala kutsogoloko amadziwa kuti opita ku University of Zambia ku Lusaka kapena ku Copperbelt University ku Kitwe adzakhala ochepa. Zotsatira za mayeso a Giredi 12 zimagawidwa kuyambira 1 mpaka 9, ndipo mayunivesite ndi makoleji ambiri amafuna maphunziro asanu okhoza pakati pa 1 ndi 6, Chingerezi chili pomwepo, kawirikawiri ndi masamu omwe. Wotsalira pa phunziro limodzi sanathe ayi. Akhoza kulembanso phunzirolo pa mayeso a GCE. Pafupi pomwepa pali Chipata College of Education, Chipata Trades Training Institute ndi sukulu ya anamwino ya pa chipatala cha St Francis ku Katete. Pali ngongole ya maphunziro ya Higher Education Loans and Scholarships Board, komanso thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, limene mu 2022 linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu, ndipo gawo lake limalipirira achinyamata ophunzira ntchito zamanja. Mwana wa m'tauni amamva zonsezi kwa achibale. Wa kumudzi akapanda kuzimva kusukulu, mwina sadzazimvanso. Theka la ola la mphunzitsi wolangiza, pamodzi ndi pepala limodzi lolembapo njira zimenezi ndi nthawi yofunsira malo, n'zaphindu kuposa zolankhula zitatu.

Zimenezi n'zofunika chifukwa cha zimene zimatsatira. Mayeso amatha mvula yoyamba ikugwa, ndipo wophunzira amafikira kumunda. Zotsatira zimatuluka cha mu Januwale, mkati mwa kupalira, ndipo ambiri amaziona pa foni ali kwawo, popanda mphunzitsi wowafotokozera tanthauzo la manambalawo. Amene anauzidwa kuti njira ndi ya yunivesite yokha amachita manyazi, amatuluka m'gulu la WhatsApp la kalasi yawo, ndipo ena sapita n'komwe kukatenga chikalata cha zotsatira. Amene anatsazikidwa moona amabwerera kusukulu kukafunsa chochita.

Mwambowu usinthanso posachedwa. Ndondomeko yatsopano ya maphunziro, imene inayamba kugwira ntchito mu 2025, yabweretsa Fomu 1 mpaka Fomu 4, kenaka Fomu 5 ndi 6 kwa opitiriza. Amene anayamba Fomu 1 mu 2025 adzafika Fomu 4 mu 2028. Kuyambira pamenepo kalasi izidzagawika pawiri, ena akupita ku Fomu 5, ena akutuluka ali aang'ono kuposa a Giredi 12 a lero, ndipo masukulu a ku Chadiza adzafunika kukonza mwambo wolankhula kwa magulu onse awiri atakhala pa benchi limodzi.