Kupirira Kapena Kuuma Mutu?

Ife a m'midzi ya m'malire timamudziwa mlaliki amene amapalasa njinga mtunda wautali, n'kukapeza anthu atatu okha pansi pa mtengo, ena ali kudimba, ena kumsika. Akabweranso sabata yotsatira, kodi tinene kuti ndi wopirira kapena wouma mutu?

Ine ndimaona kuti yankho lili pa cimene mlalikiyo amawerenga. Wowerenga mitu ya anthu amatopa msanga, ndipo akatopa amayamba kukalipa ndi kuopseza anthu ndi moto. Kumeneko ndiko kuuma mutu, cifukwa akufuna kukolola tsiku lomwe wabzala.

Kumbukirani za kwathu ku Angónia. Mishoni ya Mphatso inayamba mu 1909, koma mu 1922 boma la Apwitikizi linaitseka, amishonale n'kucoka. Akhristu anatsala opanda mbusa. Ankapemphera m'nyumba zawo, ndipo pofuna ubatizo kapena mgonero ankadutsa malire kupita ku mipingo ya ku Nyasaland. Zinakhala conco zaka zambiri, ndipo ena anamwalira mpingo usanatsegulidwenso. Koma lero Igreja Reformada ilipo ku Ulongwe cifukwa ca iwowo.

Anthu aja analibe mphamvu yokakamizira munthu. Anangokana kusiya. Conco kwa ine kupirira ndiko kubwerera kwa atatu aja n'kuwaphunzitsa mosamala ngati kuti ndi 300, ndiponso kukagona pamaliro kwa banja limene linakana uthenga wako. Mnansi ali ndi ufulu wokana. Tikamulemekeza ngakhale wakana, sadzatitsekera citseko, ndipo mawa tidzalonjerananso pacitsime.