Kodi Kupirira pa Msewu Kulekeza Pati?

Kale munthu akati ndili kupita kuntchito, anali kunena za kumunda, ndipo chomunyamula chinali mapazi ake. Anadzuka tambala atalira, nasenza khasu, nafika nthawi imene iye mwini anafuna; akachedwa, mlandu unali wake ndi wa tulo take. Koma lero ana athu ambiri agwira ntchito m'mizinda, ndipo pakati pa khomo lawo ndi ntchito yawo pali msewu umene iwo sangathe kuulamulira. Alawirira kusanache monga anachitira makolo, koma kufika kwawo kuli m'manja mwa anthu ena. Akabwera kumudzi pa tchuthi, dandaulo lawo loyamba kawirikawiri ndi la ulendo wa m'mawa ndi madzulo, ndipo ife tiwayankha ndi liwu limodzi, ndilo lakuti, Pirirani. Liwulo ndi labwino, koma tiyeni tiliyese pang'ono, tione ngati likwanira. Kodi munthu ayenera kupirira zonse zimene akomana nazo pa msewu, kapena kupirira kuli napo polekezera?

Titenge mzinda wa Lilongwe, pakuti ambiri a ife tili nawo abale kumeneko. Boma linasamutsa likulu kuchokera ku Zomba m'chaka cha 1975, ndipo amene anakonza mzindawo anautambasula kwambiri. Maofesi a boma ali ku Capital Hill, mafakitale ndi msika wa fodya zili ku Kanengo, msika waukulu ndi depoti ya mabasi zili ku tauni yakale, ndipo nyumba za anthu ambiri zili kutali ndi zonsezi. Pa kalembera wa 1966 anthu a m'tauni ya Lilongwe sanafike 20,000. Pa kalembera wa 2018 anapezeka pafupifupi miliyoni imodzi. M'mawa uliwonse khamu lituluka ku Area 25, ku Kawale, ku Chinsapo, ku Mtandire, ndi ena ochokera ku Likuni, ku Lumbadzi ndi ku Nathenje, ndipo onsewa athira m'misewu yowerengeka, makamaka msewu waukulu wa M1. Mitsinje ya Lilongwe ndi Lingadzi idutsa mumzindamo, ndipo galimoto siingaoloke koma pa mlatho pokha. Misewu ina yakulitsidwa, ndipo m'chaka cha 2020 anatsegula msewu wodutsa pamwamba pa unzake ku Area 18. Koma anthu ndi magalimoto achulukirabe chaka ndi chaka.

Achikulire akumbukira mabasi aakulu a United Transport, amene pambuyo pake anatchedwa Stagecoach ndiponso Shire Bus Lines. Mabasi amenewo anali nayo nthawi yake yolembedwa. Minibasi imene inalowa m'malo mwawo ilibe wotchi ina koma mimba yake: ikakhuta inyamuka, ikapanda kukhuta iima. Munthu alowa, nakhala pansi, injini ili kulira monga ngati ulendo wayamba, ndipo anyamata oitanira ali kufuula kuti kwatsala munthu mmodzi. Koma munthu mmodziyo akalowa, kwatsalanso mmodzi. Mwina amene unawayesa apaulendo anzako atsika mmodzimmodzi, ndipo uzindikira kuti anangokhalamo kuti galimoto ioneke yodzala. Ikanyamuka, iima pa siteji iliyonse, mwinanso kubwerera m'mbuyo kukatenga munthu amene ali kuyenda pang'onopang'ono patali. Mtengo wa m'mawa si wa madzulo, ndipo mvula ikagwa ukwera. Kondakitala alandira ndalama, nati chenji mulandira kutsogolo. Tsiku lina akutsitsa usanafike, nakupereka kwa minibasi ina monga thumba la chimanga.

Woima pa siteji ayang'ana mnzake wa galimoto yakeyake, namchitira nsanje. Koma uyonso ali nazo zake. Aima mumzere wautali wosasuntha, mafuta amene anagula ndi ndalama zambiri ali kupsa chabe. Ayang'ana wotchi, naliza hutala, chinkana adziwa kuti amene ali patsogolo pake alibenso kolowera. Ndipo aiwala chinthu chimodzi, ndicho chakuti mzere umene audandaula ndiye iye mwini. Galimoto yake ya mipando isanu yanyamula munthu mmodzi, ndipo zitatu zotere zitseka msewu koposa minibasi imene yanyamula anthu oposa khumi.

Tiyeni tiwerengere monga achitira ana m'sukulu. Munthu akataya ola limodzi m'mawa ndi lina madzulo, masiku asanu pa sabata, ndiwo maola 10. Pa masabata 50 ndiwo maola 500, ndiko kunena masiku oposa 20, usana ndi usiku womwe. Masiku amenewo salembedwa pa malipiro. Achotsedwa pa tulo, pa kucheza ndi ana, pa kuzonda odwala ndi pa mapemphero a pabanja. Chifukwa chake tisayese nkhaniyi yaing'ono, pakuti munthu amene atayitsidwa nthawi yotere chaka ndi chaka ali kutayitsidwa chigawo cha moyo wake.

Tsono pofuna kuyankha funso lathu, tiyenera kusiyanitsa mavuto a pa msewu, pakuti ali a mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa mavuto amene palibe mmodzi wa okhala m'galimotomo anawapanga. Kutalika kwa njira, mvula, kuchepa kwa milatho ndi kukwera mtengo kwa mafuta zili m'gulu limeneli. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere. Mafuta athu adzera ku Beira, ku Nacala ndi ku Dar es Salaam, ndipo agulidwa ndi ndalama zakunja. Ndalamazo zikasowa, mafutanso asowa, monga tinaona m'zaka za 2011 ndi 2012, ndiponso kuyambira 2022, pamene anthu anagona m'mizere pa malo omwetsera mafuta. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100 alionse, ndipo mitengo ya zonse inakwera, ya ulendo yomwe. Kondakitala sanachite zimenezi. Iye ndi dalaivala wake ayenera kupereka kwa mwini galimoto ndalama yoikika madzulo alionse, nagule mafuta, ndipo chotsala ndicho adyera ana awo. Tikamtukwana mnyamata wotere chifukwa cha mtengo umene unayambira kutali, tili ngati munthu wokwapula galu chifukwa cha mbuzi imene inagwidwa ndi fisi. Pa mavuto otere kupirira ndiko nzeru, pakuti mkwiyo sufupikitsa njira. Ungotitopetsa tisanayambe ntchito, ndipo madzulo tiutengera kunyumba, kumene ugwera ana osalakwa.

Mtundu wachiwiri ndi wa zoipa zimene zichitidwa ndi anthu pamaso pathu, ndipo sizingachitike popanda ife kulola. Lamulo la pa msewu linena kuti pa mpando umodzi wa minibasi pakhale anthu atatu. Koma apolisi akakhala kutali, kondakitala anena kuti sunthani, ndipo tisuntha, nakhala wachinayi, iye mwini naima chowerama pakhomo. Dalaivala athamangitsana ndi mnzake kuti ayambe ndiye kufika pa siteji ya kutsogolo, napitirira magalimoto pa malo okhota pamene saona chimene chili kudza. Wina ayendetsa dzanja limodzi lili pa foni. Wina mpweya wake ununkha kachasu dzuwa lisanakwere. Matayala aperepeseka, chitseko chamangidwa ndi chingwe. Pofika pamene pali apolisi, kondakitala atsika atafumbata kanthu m'manja, nabwera ali kumwetulira, ndipo ulendo upitirira. Zonsezi tiziona, ndipo tikhala chete, ndi kutcha chete wathuyo kupirira.

Apa ndipo pagona kulakwa kwathu, abale anga, pakuti tatembenuza zinthu. Pa kandalama kochepa ka chenji tikweza mawu kufikira minibasi yonse itimva. Pa liwiro limene lingathe kusiya ana athu amasiye tiweramitsa mutu. Tikwiya pamene tiyenera kupirira, ndipo tipirira pamene tiyenera kukana. Kupirira koona ndiko kusenza cholemera chimene sitingathe kuchichotsa, popanda kuipitsa mtima. Koma kuona choipa chimene tikhoza kuchiletsa ndi kungokhala duu, dzina lake ndi kulekerera, ndipo wolekerera agawana mlandu ndi wochita. Nthawi zina ndife tomwe tifulumiza dalaivala chifukwa tachedwa, tili kudziwa bwino lomwe kuti kuthamanga sikufika. Ngozi ikachitika, pa maliro tinena kuti inali nthawi yake. Kodi tiyenera kusenzetsa Mulungu mlandu wa tayala limene anthu khumi ndi asanu analiona kuti latha, nakwerabe osanena kanthu?

Kapena wina adzati, Mphunzitsi, inu munena bwino muli pa mpando wa kunyumba. Ine ndine wosauka. Ndikalankhula anditsitsa, anzanga nandiseka, nati gulani yanu, ndipo ndikachedwa ntchito indithera. Mawu amenewa ali ndi choonadi, ndipo sitiyenera kuwapeputsa. Wosauka alibe zosankha zambiri, ndipo amene anayenera kuyamba kukonza zinthu ndiwo eni magalimoto, apolisi ndi akulu a mzinda. Koma taonani chimene chichitika mayi mmodzi akalimba mtima, nati, Adalaivala, chepetsaniko liwiro, mwanyamula anthu. Iye akakhala yekha asekedwa. Koma awiri kapena atatu akavomereza, nati zoonadi, phazi la dalaivala lifewa, pakuti adziwa kuti chakudya chake chichokera m'matumba a anthu omwewo. Mutu umodzi susenza denga. Tsono ngati simungathe kukhala woyamba kulankhula, khalani wachiwiri. Ndipo wachiwiriyo ndiye asowa kawirikawiri. Kanenedwe kake kakhalenso kaulemu, pakuti dalaivala wotukwanidwa pamaso pa anthu aonjeza liwiro kuti aonetse ukulu wake, koma wopemphedwa monga munthu wamkulu amva.

Palinso zoipa zina zimene sitingazikankhire kwa dalaivala, pakuti tizichita ndife. Madzulo minibasi zikachepa, amuna amphamvu akankha nkhalamba ndi mayi wapakati pakhomo, ena nalowetsa thumba pa zenera kuti agwire malo. Mwini galimoto, amene Lamulungu akhala pa mpando wa patsogolo m'tchalitchi, Lolemba atuluka mumzere, nayenda m'mphepete mwa msewu mopita anthu apansi, nalowerera kutsogolo kwa anzake amene anadikira mwadongosolo. Apanikiza wa kabaza kufikira agwera m'ngalande. Awaza matope mwana wa sukulu, osaima. Adutsa mnansi wake wogwira naye ntchito kumodzi ali chiimire pa mvula, nayang'ana kumbali. Anthu omwewa kumudzi sangadutse wamkulu osapereka moni, ndipo sangayambe kusamba m'manja mlendo asanasambe. Nanga chawasintha n'chiyani? Kumudzi tidziwana, ndipo manyazi atigwira dzanja. Pa msewu wa mumzinda palibe akudziwa dzina lako kapena la amako, ndipo galasi la galimoto libisa nkhope. Pamenepo zioneka ngati ulemu wathu unali wa mumtima kapena unali woopa maso a anthu. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Ndipo uyo wamtukwana m'mawa pa siteji mwina ndiye namwino amene udzampeza usiku kuchipatala.

Mawu awiri atsala, amodzi kwa olemba anzawo ntchito ndi ena kwa ife a kumudzi. Inu amene muli ndi wantchito, kapena mlonda kapena wosesa, musanamdule malipiro chifukwa cha kuchedwa, yambani mwafunsa kumene agona ndi nthawi imene anadzuka. Alipo ambiri amene ndalama ya minibasi iwakanika, nayenda pansi kuchokera ku Chinsapo kapena ku Mtandire kufikira pakati pa mzinda, kupita ndi kubwera. Waulesi adzudzulidwe ndithu, koma wochedwa chifukwa cha mlatho wodzala asaweruzidwe pamodzi ndi wochedwa chifukwa cha mowa. Ndipo ife makolo, mwana wa m'tauni akatumiza zochepa, tisafulumire kunena kuti watiiwala. Tikumbukire kuti chigawo cha malipiro ake chitha ndi msewu asanagule ndi ufa womwe.

Potero yankho la funso lathu ndi ili: kupirira kulekeza pamene moyo wa munthu kapena ulemu wake uyamba kuonongeka. Kuchedwa, kutentha, kuthithikana ndi mtengo wokwera tizipirire ndi mtima wofatsa, osalipsira anzathu amene ali m'msampha womwewo. Koma liwiro, kuledzera, kupakira kopitirira muyeso, chiphuphu ndi kukankha ofooka tizikane, poyamba mwa ife tokha, ndipo pambuyo pake mwa ena. Ana anu akadzabweranso pa tchuthi ndi madandaulo a ulendo, muwauze kuti apirire, inde. Koma muwafunsenso ngati anapatsa nkhalamba malo, ngati ananyamulako mnansi pa mvula, ndi ngati anavomereza mayi uja pamene anapempha dalaivala kuti achepetse liwiro.