Mayina a pansi pa nsapato

Dzinalo ndinaliponda ndisanaliwerenge. Unali m'mawa wathu woyamba mumzinda wa Cologne, m'mwezi wa Novembala, kukuzizira mpaka makutu kuwawa. Tinali gulu la aphunzitsi a mbiri yakale ochokera m'mayiko a kum'mwera kwa Africa, ndipo tinkathamangira sitima. Mayi amene ankatitsogolera, mphunzitsi mnzathu wa ku Germany komweko, anandigwira mkono n'kundilozera pansi. Pakati pa miyala ya njira ya oyenda pansi panali kachitsulo ka mkuwa ka masentimita 10 mbali zonse. Panalembedwa dzina la mzimayi, chaka chimene anabadwa, chaka chimene anamutenga, ndi malo amene anakaphedwera.

Timiyala timeneti amatitcha Stolpersteine, kutanthauza miyala yopunthwitsa. Anayambitsa ndi mmisiri wina dzina lake Gunter Demnig m'zaka za m'ma 1990, ndipo pofika 2023 tinali titakwana 100,000 m'mayiko ambiri a ku Ulaya. Kamwala kalikonse amakaika pakhomo pomwe munthuyo ankakhala mwa kufuna kwake boma la Hitler lisanamuchotse. Ambiri ndi Ayuda, koma mayi uja anatchulanso anthu a mitundu ya Sinti ndi Roma, olumala, otsutsa boma, ndi a Mboni za Yehova. Atatchula omalizawa mtima unandigunda, koma ndinangokhala chete.

Musitima anatiuza kuti ana a sukulu yake amapita kukapukuta timiyalati pa 9 Novembala, tsiku limene mu 1938 masunagoge anatenthedwa m'dziko lonselo. Ndinamufunsa funso limene ndinkaliona ngati lanzeru: kodi si kusenzetsa ana katundu wa agogo awo? Mwana wa zaka 14 walakwanji? Anandiyankha kuti mwanayo sanalakwe kanthu, ndipo iye mwini sanalakwe kanthu, chifukwa anabadwa nkhondo itatha kalekale. Kenaka ananena za kabati. M'nyumba imene anakulira munali kabati yokongola yosungiramo mbale za alendo. Ali wamkulu kale ndi pamene anamva kuti agogo ake anaigula motchipa pamsika wa katundu wa mabanja achiyuda amene anali atatengedwa. "Sindinathamangitse munthu ine," anatero, "koma mbale ndinkatenga m'menemo tsiku lililonse la Khirisimasi."

Ku Nuremberg tinalowa m'chipinda cha khoti cha nambala 600, momwe akuluakulu a chipani cha Nazi anazengedwa milandu mu 1945 ndi 1946. Chipindacho n'chaching'ono poyerekeza ndi m'mene ndinkachiganizira pophunzitsa. Mfundo imene inakhazikika m'menemo ndimaikonda: mlandu ndi wa munthu amene wachita, ndipo kunena kuti "ndinangotumidwa" sikumuchotsera mlandu. Mfundo yomweyo imateteza mwana, pakuti amene sanachite sangazengedwe. Koma ine ndinaleredwa kumene amati mlandu suola. Kwathu mnyamata akapalamula, amene amaitanidwa kubwalo ndi malume ake, ndipo mbuzi yolipira imachoka m'khola la mbumba yonse. Kale ndinkaona ngati mwambo umenewu ndi wopondereza osalakwa. Nditamva za kabati ija ndinayamba kuuona mwina. Bwalo la kumudzi silinena kuti mbumba yonse ndi yakuba. Limangodziwa kuti amene amadyera mbale imodzi phindu likabwera, sangabalalike ngongole ikafika.

Si onse ku Germany amene amagwirizana ndi timiyala tija. Khonsolo ya mzinda wa Munich inakana mu 2004 kuti tiziikidwa m'misewu ya boma. Mmodzi mwa otsutsa kwambiri ndi Charlotte Knobloch, mtsogoleri wa Ayuda mumzindawo, amene anapulumuka ali mwana pobisidwa kumudzi. Iye amaona kuti n'kunyoza kuika mayina a ophedwa pansi pomwe nsapato zizipondaponda. Kumeneko mayina amawaika pamakoma ndi pazipilala, molingana ndi maso a munthu. Ndinamumvetsa msanga, ine amene kumanda ndimayenda mosamala kuti ndisaponde mtumbira. Komabe chikwangwani cha pakhoma ndikanachidutsa osachiona, monga ndimadutsira zikwangwani zonse. Dzina la mzimayi wa ku Cologne ndikulikumbukira mpaka lero chifukwa cha manyazi oti ndinaliponda.

Ku Berlin ndi kumene ndinadzikuza. Titatuluka pakati pa zipilala 2,711 zokumbukira Ayuda ophedwa, tinayenda mphindi zochepa kufika mumsewu wa Wilhelmstrasse, pomwe Bismarck anasonkhanitsa mayiko 14 kuyambira mu Novembala 1884 mpaka Febuluwale 1885 kuti agwirizane za malamulo ogawanirana Africa, popanda Mwafrika ngakhale mmodzi. Pamalopo pali chikwangwani chimodzi choti munthu wothamanga sangachione. Mnzathu wa ku Namibia anayamba kufotokoza za Aherero ndi Anama amene asilikali a Germany anawapulula pakati pa 1904 ndi 1908, ndi kuti boma la Germany linavomera mu 2021 kuti kumeneko kunali kupulula mtundu, pa mgwirizano umene atsogoleri ambiri a mitundu iwiriyo anaukana. Anatisonyezanso msewu wa m'dera la Wedding umene kale unkatchedwa Petersallee, womwe mbali yake ina inasinthidwa mu 2024 kukhala Maji-Maji-Allee, pokumbukira nkhondo ya kum'mwera kwa Tanzania, kutsidya kwa nyanja yathu. Zonsezi n'zoona, ndipo kukumbukira kwa Ajeremani kuli ndi akufa amene kunawachedwera. Tsiku limenelo ndinalankhula kwambiri. Kumakoma kukhala kumbali ya olakwiridwa, munthu umayenda chifuwa chili patsogolo.

Usiku tulo sitinabwere, chifukwa cha dimba.

Boma la Malawi linaletsa Mboni za Yehova mu 1967, ndipo mu 1972 anthu masauzande ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique atamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula khadi la chipani. M'mudzi mwathu munali banja limodzi lotere. Pakati pa anyamata amene analithamangitsa panali malume anga. Nkhaniyi ndinaimva ndili wamng'ono, mongonong'onezana pamaliro, ndipo sindinaifunsepo. Dimba la banjalo, la m'mbali mwa mtsinje, lachinyontho chaka chonse, linagwera m'manja mwa mbumba yathu. Chiletso chinachotsedwa mu 1993, koma eni ake sanabwerere. Tomato ndi kabichi wa m'dimba limenelo ndi amene anandilipirira fizi ya kusekondale.

Ndaphunzitsa za Hitler kwa zaka zambiri. Ndimalemba pabolodi zaka ndi mayina, ana n'kukopera, ndipo pamapeto timadabwa limodzi kuti anthu wamba, ophika buledi ndi oyendetsa sitima, analola bwanji zoterozo. Sindinawauzepo kuti satifiketi ya mphunzitsi wawo inamera pa nthaka ya anthu othamangitsidwa. Sindikuyerekeza kukula kwa zinthu ziwirizi. Anthu 6 miliyoni si banja limodzi, ndipo malume anga si akuluakulu a ku Nuremberg. Kufanana kwake kuli pa ine ndi mayi wa kabati uja. Tonse sitinamenye munthu, ndipo tonse tinadya. Kusiyana kwathu n'koti iye anafufuza m'mabuku a mzinda mpaka anapeza dzina la banja la kabatiyo, pomwe ine sindinkadziwa ngakhale dzina limodzi la anthu amene mudzi wonse unkawadziwa.

M'mawa mwake, anzanga akudya, ndinaimbira foni amayi.

"Amayi, anthu a dimba lija mayina awo anali ndani?"

Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinaganiza kuti foni yaduka. "Iwe, wapita kutali konseko kukatola zimenezo?"

Ndinawachonderera. Anatchula dzina la bamboyo ndi mfunda wake. La mayiyo anati ankangomuitana ndi dzina la mwana wake woyamba, mtsikana amene ankatunga naye madzi. Ana anali anayi, koma anakumbukira mayina awiri okha. Ndinalemba kuseri kwa tikiti ya sitima.

"Enawo ukawafunse amalume ako," anatero. "Akadali moyo, ndipo mutu wawo ukugwirabe. Koma upite wekha, ndipo usakayambire pa nkhaniyo. Uwatengere shuga."