Madzi Ochiritsidwa pa Kasupe

Ŵerengani: 2 Mafumu 2:19-22, Deuteronomo 23:12-14, Ezekieli 34:18, 19, Mateyu 13:33.

Anthu a ku Yeriko anadza kwa Elisa ndi dandaulo limene ife a mu Lilongwe tingalimvetse msanga. Mudzi wawo unali pamalo okoma, koma madzi ake anali oipa. Mneneriyo anaitanitsa mbale yatsopano yokhala ndi mchere, ndipo sanaime m'mbali mwa ngalande kumene madzi anali kudutsa. Anayenda mpaka pa kasupe, pamene madziwo anali kutumphuka, nathira mcherewo pomwepo. Liwu la Chihebri limene lili pa vesi 21 ndi lochokera ku rafa, kuchiritsa, liwu lomwe Yehova anadzitchula nalo Mchiritsi wa Israyeli pa madzi oŵaŵa a ku Mara (Eksodo 15:26). M'Malemba madzi amadwala, ndipo Mulungu amasamala za kudwala kwake.

Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku mapiri a Dzalanyama. Umasungidwa m'madamu aŵiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo kuchokera mu mtsinjewu Lilongwe Water Board imatunga madzi a m'mipopi yathu. Koma taimani pa mlatho wa pafupi ndi msika waukulu mvula yoyamba itagwa, muone zimene madziwo anyamula. Mtsinje wa Mchesi, wodutsa kufupi ndi Kawale ndi Biwi, ndi wa Lingadzi, imatsanuliramo zonse zimene tinataya m'ngalande. Mliri wa kolera umene unayamba mu March 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwo. Ambiri a ife tinaimba pa maliro ofulumira, opanda kusambitsa mtembo, opanda chakudya pa siwa.

Kodi Deuteronomo 23:14 akupereka chifukwa chotani cholamulira Aisrayeli kukwirira chimbudzi chawo kunja kwa msasa? Onani kuti chifukwa chake si fungo.

Mlengi anaika m'madzi antchito ake osaoneka ndi maso. Ku Kauma kuli maiŵe oyeretsera madzi a zonyansa a mu mzinda uno, ndipo ntchito yaikulu kumeneko sigwiridwa ndi makina. M'maiŵe oyamba, amene ndi akuya, zolemera zimadikha pansi, ndipo mabakiteriya okhala kopanda mpweya amazidya. M'maiŵe otsatira, osaya kwambiri, ndere zimalandira kuŵala kwa dzuŵa ndi kutulutsa mpweya umene mabakiteriya ena amapuma pamene akuphwanya zonyansa zotsala. Mabakiteriyawo nawonso amatulutsa zimene ndere zimadya. M'maiŵe otsiriza dzuŵa ndi nthaŵi zimapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda. Zimenezi zimatenga masabata, ndipo palibe amene angazifulumizitse ndi kufuula. Amayi amene amadziŵa kuchititsa chambiko kapena kutupitsa mandasi amadziŵa kale ntchito yotere: kanthu kakang'ono kobisika kamasintha mphika wonse mwakachetechete. Ambuye Yesu anafanizira Ufumu wa Kumwamba ndi chotupitsa chotero m'miyeso itatu ya ufa. Ife tazoloŵera kumva za chotupitsa monga chizindikiro cha tchimo, ndipo nkoyenera, pakuti Paulo anatero (1 Akorinto 5:6-8). Koma pa Mateyu 13:33 chotupitsa chili kumbali ya Mulungu.

Pano pafunika kuchenjera. M'zaka za m'ma 1980 katswiri wa zaulimi wa ku Okinawa ku Japan, Teruo Higa, anasakaniza yisiti, mabakiteriya osasitsa mkaka ndi ena, nachitcha EM. M'mizinda ina ya ku Asia anthu amaumba timipira ta dothi tokhala ndi EM ndi kutiponya m'mitsinje ndi m'nyanja zoipitsidwa. Ndi mwambo wosangalatsa, ana a sukulu amaukonda, ndipo ojambula zithunzi amabwera. Koma ofufuza a ku Netherlands atayesa timipirato pa madzi obiriŵira ndi ndere zapoizoni, sanapeze kuti tinathetsa vutolo. Nkosadabwitsa. Ngati ngalande ikutsanulirabe zonyansa usana ndi usiku, kodi kampira ka dothi kangachitenji? Ndiponso tizilombo timeneti sitidya majumbo, matewera otaya, kapena mabatire akutha.

Ndiopa kuti chikhristu chathu nthaŵi zina chimafanana ndi kuponya timipira. Timathira pemphero limodzi la pa Sabata m'moyo umene masiku asanu ndi limodzi ukulandira miseche, kaduka ndi malonda achinyengo, kenaka tidabwa kuti madzi sakuyera. Yesu ananena kuti zodetsa munthu zimatuluka mu mtima (Marko 7:21-23). Ndipo pamenepo, pa kasupe, ndi pamene Mzimu Woyera afuna kuthira mchere. Mcherewo sunali mankhwala. Amene anachiritsa ndi Yehova. Komabe wina anayenera kubweretsa mbale, ndipo wina anayenera kuyenda mpaka pa kasupe.

Ezekieli 34:18 akudzudzula nkhosa zimene zimamwa madzi odikha kenaka nkuvundula otsala ndi mapazi awo. Nyumba zambiri za ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Area 23 sizinalumikizidwe ku mapaipi opita ku Kauma. Timadalira zimbudzi zokumba, zina pafupi ndi zitsime. Pali chizoloŵezi, tisachibise abale ndi alongo, chodikira mvula yamphamvu ya usiku kuti titulutsire zinyalala ndi za m'chimbudzi chodzaza m'ngalande. M'maŵa mwake mlongo wa kumunsi kwathu, mwina amene timakhala naye benchi imodzi pa Mgonero wa Ambuye, amachapira matewera a mwana wake m'madzi omwewo. Ife amene timalalikira uthenga wa mngelo woyamba, woitana anthu onse kulambira Iye amene analenga akasupe a madzi (Chivumbulutso 14:7), tidzamuyankha chiyani mlongo ameneyu?

Zokambirana m'kalasi: Madzi a mvula ochoka pa bwalo la tchalitchi chanu amathera mu mtsinje uti? Chimbudzi cha pa tchalitchi chikadzaza, madikoni amaitana ndani kudzapopa, ndipo kodi munafunsapo kumene zopopedwazo zimakatayidwa?